Ukwati ku Zanzibar mwezi wa February: ndilongedze chiyani?

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene mudafikako ku Zanzibar. Mnzanga wa kusukulu amene adakwatiwa kumeneko wandiitanira ukwati wa mlamu wake mwezi wa February, ndipo akuti ndikafikire kunyumba kwawo, osati ku hotela. Banja lake ndi la Chisilamu, amakhala nyumba imodzi ndi apongozi ake cha ku Michenzani. Ndiyenda pa basi kudzera ku Songwe, ndili ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 14. Ine ndine munthu wa thukuta, Salima yemweyu amandivuta, ndiye ndikumva kuti uko kumatentha koposa komanso eni ake sakondwa kuona mapewa kapena maondo a munthu wamkazi pamtunda. Kodi munthu amavala bwanji kuti asapse ndi dzuwa komanso asachititse manyazi omulandira? Mnzangayo ndikamufunsa amangoti bwera ndi zomwe uli nazo, koma ndikudziwa kuti akungondisungira ulemu.

Make Tadala:
Asisi, choyamba musadzaze chikwama. Ine ndimaoda katundu ku Kariakoo, ndipo amayi ambiri amene ndimakwera nawo koyamba amanyamula sutikesi yodzaza ndi zovala zoti sakazivala n'komwe. Mukafika ku Dar es Salaam lowani mu Kariakoo mugule madera awiri kapena atatu. Dera ndi diresi lalitali lotaya, lofika kukakolo, lopanda zipi, lopanda lamba, ndipo nthawi zambiri amagulitsa pamodzi ndi mpango wake wa kumutu. Amayi a kumeneko amaswera nalo tsiku lonse, kuphika nalo, kupita nalo kumsika. Mukalichapa madzulo, m'mawa lauma. Kuchoka kuno tengani zitenje zanu, zam'kati zokwanira, diresi la ukwati, basi.

Nachisale:
Zikomo Make Tadala. Madera aja ndimawaona kwa amayi a ku Mangochi, koma sindinavalepo. Sakhala oonekera mkati?

Make Tadala:
Ena amaonekera, makamaka otchipa kwambiri. Musanalipire, lowetsani dzanja mkati mwa nsaluyo n'kuliloza kudzuwa. Zala zikamaoneka bwinobwino, dziwani kuti miyendo yanunso izioneka mukaima pakhomo. Mukatero mugule pitikoti, kapena sankhani la maluwa ambiri ndi mtundu wakuda pang'ono.

Atelala a ku Ndirande:
Ndilowererepo poti nkhani yafika pa nsalu. Anthu amaganiza kuti chimene chimatentha ndi kutalika kwa chovala. Ayi amayi, chimatentha ndi mtundu wa nsalu ndi kuthina kwake. Kasiketi kakafupi ka nayiloni kothina kamakuwotchani kuposa diresi la thonje lofika pansi, chifukwa lotaya limalola mphepo kuyenda mkati, thukuta n'kumauma. Kuvala nayiloni kumalo a chinyontho kuli ngati kudzikulunga m'jumbo.

Vuto ndi loti zitenje zambiri za pamsika masiku ano si thonje, ngakhale wogulitsa alumbire. Njira yodziwira ndi iyi: sololani kaulusi kumphepete, kayatseni ndi machesi. Thonje limapsa n'kusanduka phulusa lofewa, fungo lake la pepala lopsa. Poliyesitala amasungunuka, amakwinyika n'kusiya kampira kakuda kolimba kumapeto. Yesani zitenje zonse zimene mukufuna kutenga, mudzadabwa.

China, ngati mukusoketsa diresi la ukwati, muuzeni telala wanu asaike layining'i ya nayiloni yonyezimira ija. Atelala timaikonda chifukwa ndi yotchipa ndipo imaimitsa diresi bwino, koma kumalo otentha imamata pathupi. Aike ya thonje yopyapyala, kapena asaike n'komwe ngati nsaluyo ndi yokhuthala. Mikono ifike pachigongono kapena kupitirira, koma ikhale yotaya kukhwapa. Ndipo nsalu yatsopano muyambe mwaichapa kuti sitachi achoke, apo ayi izikukandani m'khosi tsiku lonse.

Nachisale:
Atelala mwandithandiza. Diresi langa lili kale kwa telala, ndimuimbira mawa m'mawa asanadule.

Abiti Saidi:
Achemwali a Nachisale, ine ndine Msilamu wa ku Mangochi ndipo azakhali anga adakwatiwa ku Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, ndiye nyumba za kumeneko ndimazidziwa. Musaope. Palibe amene akakukakamizeni kuvala buibui, chovala chakuda chija chimene amayi amaponya pamwamba akamatuluka. Akudziwa kuti ndinu mlendo ndipo ndinu Mkhristu. Chimene amayang'ana ndi chakuti mapewa, chifuwa ndi maondo zaphimbika, ndipo chovala sichikuonetsa mmene thupi lilili. Mmene mumavalira popita kumaliro kapena kukaona apongozi kumudzi, ndi momwemo basi. Ife Amalawi nkhani imeneyi si yachilendo.

Za kumutu: mumsewu simukakamizidwa, koma muzikhala ndi mpango wopepuka m'kachikwama nthawi zonse. Mukamalowa pamene pakhala akuluakulu, kapena pamene akuwerenga dua, pemphero la ukwati, ingouponyani kumutu. Apongozi a mnzanuwo sakanena kanthu mukapanda kutero, koma mukatero akakukondani kwambiri, ndipo ulemuwo ukapita kwa mnzanuyo amene adzatsale nawo inu mutabwerera.

Zam'nyumba ndi zimene alendo ambiri amaphonya, osati zamumsewu. Nsapato zimatsala pakhomo, ndiye tengani zosavuta kuvula, osati za zingwe. Chakudya nthawi zambiri amadyera pamphasa, ndiye mukufunika chovala choti mukakhala pansi n'kupinda miyendo chisakwere. Siketi yothina ya ku ofesi ija isiyeni. Pochoka kubafa musadutse pabalaza ndi thaulo lokha kapena chitenje cha m'khwapa monga timachitira kwathu, chifukwa m'nyumbamo muli amuna amene si abale anu. Valirani konko. Zam'kati musayanike pachingwe cha panja, funsani mnzanuyo pamene amayanika zake. Ndipo popereka moni kwa abambo, dikirani ayambe okha kutambasula dzanja. Akapanda kutero, moni wa pakamwa wakwana, sikuti akunyozani.

Thoko wa ku Joni:
Ine mundikhululukire amayi anga, koma nkhaniyi ikundipweteka mumtima. Mwana wa zaka 14 akupita kukaona nyanja koyamba, ndipo phunziro loyamba limene tikumupatsa ndi loti thupi lake ndi vuto loti libisidwe. Ife tomwe tidalira mu January 2012 pamene mavenda ankavula amayi mabuluku m'misewu ya ku Lilongwe, amayi mpaka adasonkhana ku Blantyre kukana mchitidwe umenewo. Lero tikulangizana mmene tingadziphimbire bwino kuti amuna asakhumudwe? Azungu amapita ku Zanzibar komweko ndi tiakabudula tawo, amabwerako bwinobwino.

Gogo Nangondo:
Thoko mwana wanga, ndakumva ndipo sindikukutsutsa pa za 2012, zinali zonyansa. Ine ndidakula ndi lamulo la 1973 la nthawi ya a Kamuzu, loletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa maondo. Amuna nawo tsitsi lalitali linali loletsedwa. Ngakhale alendo ochokera kunja ankayenera kulitsata. Lidachotsedwa mu 1993, ndipo ine ndidakondwa, chifukwa boma silinayenere kumayeza siketi ya munthu. Ndiye usaganize kuti ndine wa gulu lofuna kubwerera kumeneko.

Koma izi n'zosiyana. Kuja linali dziko lathu, ndipo ife eni ake tidali ndi ufulu wonena kuti lamuloli sitikulifuna. Uku a Nachisale akukalowa m'nyumba ya eni, kukagona pabedi la eni, kukadya mpunga wa eni. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwo akakhala masiku ochepa n'kubwerera ku Malawi, koma mnzawo uja adzakhala akumva kwa zaka kuti alendo a kwanu aja adabwera osavala. Ngati pali zoti zisinthe pa kavalidwe ka ku Zanzibar, adzasintha ndi amayi a ku Zanzibar, osati mlendo wa sabata imodzi.

Thoko wa ku Joni:
Agogo, za m'nyumba ndavomera, nyumba ya munthu ndi ya munthu. Koma mumsewu? Pagombe? Mwanayo asambe m'nyanja atavala diresi?

Make Tadala:
Thoko, pali chinthu chimodzi chimene sunachione chifukwa sunafikeko. Mzungu akavala kabudula mu Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, anthu amangoyang'ana kumbali, amati ndi mlendo sadziwa kanthu. Iwe ndi ine tikavala zomwezo, palibe amene amadziwa kuti tachokera ku Malawi. Amatitenga ngati ana a komweko kapena a ku Bara, kutanthauza Tanzania wa kumtunda, ndipo amatiyankhula m'Chiswahili mosabisa mawu. Ndidaona ndi maso anga pa msika wa Darajani mayi wachikulire akuitana mtsikana wakuda amene adavala kabulauzi ka zingwe, n'kumufunyululira kanga yake, nsalu yonga chitenje, kuti afunde. Sadamukalipire, koma mtsikanayo manyazi adamugwira, anthu onse a pa mabenchi a nsomba akuyang'ana. Ine sindingafune kuti mwana wa a Nachisale zimuchitikire zimenezo. Kaya n'chilungamo kaya ayi, koma ndi mmene zilili.

Bambo Mwale:
Ndiwonjezere kuti si nkhani ya mwambo wokha. Mu 2021 boma la Zanzibar lidalengeza kuti alendo akakhala m'malo a anthu ambiri azivala zophimba kuyambira mapewa mpaka maondo, ndipo lidaika chindapusa kwa ophwanya, ngakhalenso kwa makampani oyendetsa alendowo. Ndiye azungu amene mukuwanenawo, a Thoko, nawonso lamulo limawakhudza, kungoti ambiri amakhala m'mahotela a kugombe kumene zovala zosambira n'zololedwa.

Thoko wa ku Joni:
Chabwino. Komabe ndikupempha chinthu chimodzi anti Nachisale: pomufotokozera mwanayo musamuuze kuti akavala jinzi ndiye kuti ndi wopanda khalidwe, kapena kuti amuna akamuvutitsa ndi chifukwa cha zovala zake. Muuzeni kuti ndi ulemu kwa eni nyumba, ndipo akabwerera ku Malawi zovala zake zili pomwepo. Atsikana ambiri tidakula tikumva kuti chilichonse chotichitikira ndi mlandu wa siketi yathu.

Abiti Saidi:
Pamenepo ndili nawe, Thoko. Ndipo jinzi sikuti ndi yoletsedwa. Atsikana a ku Zanzibar amavala majinzi ndi malegingi, kungoti pamwamba amaika bulauzi yaitali yofika pafupi ndi maondo. Mwanayo atenge jinzi yake imodzi ya paulendo, koma ndikukuuzani, akakangoyenda nayo masana amodzi mu February adzaivula yekha. Jinzi ndi kutentha kwa kunyanja ya mchere sizigwirizana. Mugulireni mathalauza otaya a nsalu yopepuka, ndipo musiyeni asankhe yekha dera lake ku Kariakoo. Alipo okongola kwambiri a atsikana.

Za kusamba m'nyanja: ku Nungwi ndi ku Kendwa, kumpoto kwa chilumba, kuli mahotela ambiri ndipo pagombe pamakhala anthu ovala zosambira zamitundumitundu. Koma inu mukapita ndi banja, ndipo amayi a banjalo akalowa m'madzi ndi madera awo kapena malegingi ndi tisheti. Mwanayo avale legingi ndi tisheti ya mtundu wakuda, asamba momasuka kuposa wovala bikini amene akungokoka zingwe. Yoyera ayi, ikanyowa imaonetsa zonse. Potuluka m'madzi chitenje chikhale pafupi, chifukwa mudzi umayambira pomwe mchenga wathera.

Nachisale:
Ndawerenga zonse ndipo Thoko, mawu ako ndawasunga, ndimuuza momwemo. Iyeyo nkhawa yake yaikulu ndi zithunzi, akuti anzake akamuseka akamuona mu diresi la agogo.

Gogo Nangondo:
Muuzeni kuti agogo ake a pagulu pano akuti diresi lotaya pamphepo ya kunyanja limajambulika bwino kuposa jinzi. Akaona yekha.

Sister Nabanda:
Ine ndiyankhule ngati namwino. February ndi umodzi mwa miyezi yotentha kwambiri kumeneko, masana kumapitirira madigiri 30, koma chimene chimafoola munthu ndi chinyontho. Ku Salima kapena ku Nsanje thukuta limauma, uko limangokhala pakhungu. Poti mwati ndinu a thukuta, samalirani malo amene khungu limakhudzana: pansi pa mabere, m'mphechepeche, m'khwapa. Zam'kati zikhale za thonje, ndipo mutenge zochuluka kuti muzisintha kawiri patsiku. Pansi pa diresi valani kakabudula kopyapyala kofika pakati pa ntchafu kuti zisakhulane poyenda. Stone Town ndi ya miyendo, tinjira take n'topanikizika, galimoto sililowa m'malo ambiri. Paudala wa ana amathandiza. Mafuta olemera odzola thupi lonse aja muwasiye, amatseka khungu n'kuyambitsa totupatupa toyabwa.

Tsitsi: wigi kapena mesh yaitali yolemera mudzaizula nokha usiku woyamba. Lukani zing'onozing'ono zogona, mpango umakhalanso bwino pamenepo.

Musaiwale mankhwala othamangitsa udzudzu, botolo la madzi, ndi timapaketi ta ORS tingapo. Ngati muli ndi mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, akhale m'kachikwama ka m'manja m'mapaketi ake enieni, osati m'sutikesi ya pansi pa basi. Ndipo ife akuda dzuwa limatiwotchanso, makamaka pamchenga woyera uja. Chipewa kapena kaambulera n'zofunika.

Bambo Mwale:
Funso langa kwa Abiti Saidi, poti nane ndikulingalira zopitanso ndi akazi anga chaka chino, nthawi ino kukagona m'mudzi osati mu hotela. Ife amuna, kabudula ali bwanji?

Abiti Saidi:
Achimwene, kwa Asilamu mwamuna amayenera kuphimba kuyambira pamchombo mpaka maondo. Kabudula wofika pamaondo palibe amene angakuvutitseni, koma bambo wamkulu ngati inu amalemekezeka ndi buluku lopepuka ndi malaya a mikono. Vesiti yokha kapena chifuwa pamtunda m'tauni ayi. Lachisanu masana mudzaona amuna ambiri atavala kanzu, mkanjo wautali woyera, ndi kofia akupita kumzikiti, masitolo ambiri amatseka kwa kanthawi. Tsiku limenelo valani bwinoko.

Make Tadala:
Ndipo amuna inu mumakonda mabuluku a mawangamawanga a chisilikali a pa kaunjika. Ku Tanzania zovala zofanana ndi za asilikali n'zoletsedwa kwa anthu wamba. Ngakhale kachipewa kapena kachikwama ka mtundu umenewo kasiyeni kunyumba.

Bambo Mwale:
Ndamva. A Nachisale, mukapeza mpata pitani ku tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Mkunazini. Chidamangidwa pamalo pamene padali msika wa akapolo, umene udatsekedwa mu 1873, ndipo ena mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo adachokera kuno kwathu, ankawaolotsa nyanja kuchokera ku Nkhotakota nthawi ya a Jumbe n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa. Mkatimo muli mtanda wopangidwa ndi mtengo umene pansi pake adakwirirapo mtima wa David Livingstone ku Chitambo. Mwana wanuyo akaone, ndi mbiri yake. Ine nditatsikira m'tizipinda ta pansi timene amati ankatsekeramo akapolo ndidalephera kuyankhula. Kumenekonso muvale monga mukupita ku tchalitchi.

Nachisale:
Tikapitadi, zikomo. Tsopano za tsiku la ukwati lenileni. Diresi limene ndikusoketsa ndi la chitenje, lalitali, ndi duku lake. Likakwana? Kapena ndikaoneka ngati ndasochera?

Abiti Saidi:
Likakwana, ndipo akalikonda chifukwa ndi la kwanu. Koma dziwani kuti ukwati wa Chiswahili si tsiku limodzi, ndipo amayi amasangalala paokha. Kumanga ukwati, nikah, amapita ndi amuna kumzikiti. Phwando la amayi ndiye lina. Mudzaona anthu akufika atafunda zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, akangolowa m'holo n'kuvula mabuibui, pansi pake pali madiresi onyezimira, golide m'khosi ndi m'manja, hina atajambula mpaka m'zigongono, fungo la udi, zofukiza zonunkhira, lili thoo. Amayi a ku Zanzibar amatchena kwambiri, asakunamizeni munthu. Ndiye inu musapite ngati mukupita kumaliro ayi. Ndolo zanu, mikanda yanu, nsapato zanu zabwino, zonse tengani. Chofunika n'chakuti pa njira yochoka kunyumba kukafika kuholo mufunde chitenje kapena mpango waukulu pamwamba.

Mufunsenso mnzanuyo ngati banja lasankha nsalu ya yunifomu, amati sare, monga timachitira kuno pa zinkhoswe. Ngati ilipo akusungireni yanu ndi ya mwana.

Chenjezo lalikulu likhale kwa mwanayo ndi foni yake. M'holo ya amayi anthu amakhala atavula mipango chifukwa mulibe amuna achilendo. Kuwajambula n'kuika pa Facebook kapena pa TikTok ndi kuwavula pagulu. Ajambule mkwatibwi ndi ena pokhapokha atapempha, ndipo asatumize paliponse osafunsa. Ngakhale mumsewu, amayi ambiri safuna kujambulidwa.

Thoko wa ku Joni:
Iyi ya zithunzi ndiye ndagwirizana nayo kwathunthu. Thupi ndi la mwini wake, chithunzinso chimodzimodzi.

Nachisale:
Sare sindinaiganizire n'komwe. Ndamutumizira uthenga pompano.

Abiti Saidi:
Mufunsenso za Ramadani. Mwezi wosala umasuntha, chaka chilichonse umabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11, ndipo zaka zino ukugwa cha mu February ndi March. Mabanja ambiri amafulumiza maukwati kuti athe kusala kusanayambe, ndiye n'kutheka kuti masiku anu omaliza akakupezani muli m'Ramadani. Zikatero, kavalidwe kamakhwima pang'ono, mpango uzikhala kumutu mukamatuluka, ndipo musadye kapena kumwa madzi mumsewu masana. Malo odyera ambiri a m'tauni amatseka mpaka dzuwa litalowa. M'nyumba akakupatsani chakudya chanu, inu ndi mwana mudye kuchipinda mosaonetsera, musachite kudzikakamiza kusala pamene simunazolowere kutentha. Koma madzulo nthawi yomasula mudzadya zinthu zoti simudzaziiwala.

Sister Nabanda:
Nditsindike pamenepo: madzi muzimwa ndithu, mobisa koma mokwanira. Munthu wa thukuta kukhala tsiku lonse osamwa madzi kumeneko angakomoke.

Make Tadala:
Tsopano za panjira, poti aliyense akungokamba za kutentha. Basi ya usiku ikamadutsa ku Chikangawa kumazizira, ndipo February ndi nthawi ya mvula. Mukaoloka pa Songwe n'kuyamba kukwera mapiri a ku Tukuyu mpaka ku Mbeya ndiye kuzizira kwenikweni, Mbeya ili pamtunda kuposa Mzuzu. Juzi imodzi aliyense, ndi masokosi, zikhale pamwamba m'chikwama cha m'manja. Juzi yomweyo idzakuthandizani m'sitima ya pamadzi yochoka ku Dar es Salaam, chifukwa mkati amaziziritsa kwambiri. Ulendo wa pamadziwo ndi wa pafupifupi maola awiri, ndipo nyanja ikavuta anthu amasanza, ndiye mwanayo asadye zamafuta asanakwere.

Chitenje chimodzi chikhale cha paulendo: chofunda m'basi, chotchinga pamene basi yaima patchire, choyala pansi podikira pachipata.

Majumbo apulasitiki musalongedzeremo kanthu. Tanzania idawaletsa kuyambira pa 1 June 2019, ndipo ku Zanzibar adayamba kale kuwaletsa chisanafike chaka chimenecho. Nsapato ndi zovala zakuda muzikulunge m'kathumba ka nsalu kapena m'pilokesi yakale.

Pasipoti isapite pansi pa sutikesi mukafika ku Dar es Salaam poganiza kuti mwamaliza nayo. Padoko la Zanzibar amaifunanso ngakhale kuti ndi dziko limodzi. Ife Amalawi sitifunika viza, koma kakhadi kachikasu ka katemera wa yellow fever ngati muli nako katengeni, nthawi zina amakafunsa. Komanso kuyambira October 2024 Zanzibar idakhazikitsa inshuwalansi ya alendo yogulidwa ku Zanzibar Insurance Corporation. Mnzanuyo akufunsireni za pasipoti ya Malawi musananyamuke kuti musakadzidzimuke padoko. Chaja ya foni ndi yomweyi ya mano atatu, simukufunika kugula china.

Atelala a ku Ndirande:
Nsapato palibe wanenapo bwino. Zapulasitiki zotseka zimawotcha mapazi n'kutulutsa matuza. Za gogoda zikhale za m'holo mokha, muzinyamule m'manja, chifukwa tinjira ta mu Stone Town si tosalala.

Abiti Saidi:
Zoona. Masandasi olimba a tsiku ndi tsiku, ndi patapata wa kubafa. Mukapita kum'mawa kwa chilumba, ku Paje kapena ku Jambiani, madzi amaphwa n'kubwerera kutali kwambiri, anthu n'kumayenda pansi pa nyanja pamene amayi amalima ndere zawo zogulitsa, amati mwani. Pamenepo musayende opanda nsapato, pali tizilombo taminga tobisala m'miyala, minga yake ikathyokera m'phazi ulendo wonse wawonongeka. Mukawaone amayi amenewo: ali m'madzi ofika m'chiuno kuyambira m'mawa, dzuwa lili pamutu, atavala kanga ziwiri, ina m'chiuno ina kumutu. Amadziwa chimene akuchita, nsaluyo ndi imene imawateteza kudzuwa.

Gogo Nangondo:
Nanga mphatso ya apongozi a mnzanuyo? Musapite chimanjamanja.

Nachisale:
Ndimaganiza zotenga mpunga wa Kilombero pa Karonga, tiyi wa ku Thyolo, ndi zitenje ziwiri zabwino.

Abiti Saidi:
Tiyi ndi zitenje zili bwino kwambiri. Mpunga ndi wolemera ndipo pachipata zakudya zambiri zimabweretsa mafunso, tengani wochepa ngati mukufunadi. Mukafuna kuwagulira kanga kumeneko, kumbukirani kuti amagulitsa ziwiriziwiri zolumikizana ndipo iliyonse ili ndi mawu olembedwa m'munsi. Ena ndi a madalitso, ena ndi okuluwika onyoza mkazi mnzako kapena woyandikana naye nyumba. Musagulire apongozi a munthu kanga chifukwa cha maluwa okha, mnzanuyo ayambe wakuwerengerani. Ngakhale imene mukavale inuyo.

Nachisale:
Mnzanga wayankha. Akuti sare ilipo, ya buluu, andisungira mamita okwanira ine ndi mwana, ndipo telala wa pafupi ndi kwawo amasoka tsiku limodzi. Akutinso Ramadani ikayamba patatsala masiku awiri kuti tinyamuke kubwerera. Ndiye ndachotsa masiketi a ku ofesi ndi mabulauzi opanda mikono amene ndidaika kale pabedi. Zatsala zitenje zinayi zimene ndiziyesa ndi machesi usiku uno, diresi la ukwati, mathalauza otaya awiri, mabulauzi aatali, mipango, majuzi, ndi zam'kati. Madera tikagula ku Kariakoo.

Make Tadala:
Ku Kariakoo pitani m'mawa kusanatenthe, kachikwama kakhale kutsogolo, ndipo mtengo woyamba umene akuuzeni musavomere. Ndalama sinthani pang'ono pa Songwe zoti zikufikitseni, zina mukasinthe ku Dar es Salaam. Mukanyamuka tsiku liti? Ngati ndi sabata yoyamba ya February mwina tikwera basi imodzi, ndikakulozerani sitolo imene ndimagulako madera a thonje.

Nachisale:
Lachiwiri la sabata yoyamba. Ndikulemberani kumbali tigwirizane za matikiti.

Atelala a ku Ndirande:
Miyezo ya mwanayo mutumize lero kwa mnzanuyo, kuti sare yake ikhale itasokedwa mukamafika. Sabata ya ukwati telala amakhala ndi ntchito ya banja lonse, za tsiku limodzizo musazidalire. Muyeze chifuwa, chiuno, mkono mpaka pachigongono, ndi kutalika kuchoka paphewa kufika pakakolo atavala nsapato zimene akavale tsikulo.